Mwana wanga sayankhula, akudziluma, apongozi akuti bambo ake anamukhwimira

Mayi wa ku Ndirande:
Moni nonse. Ndalowetsedwa pa gulu lino ndi mayi wina amene tinakumana pamzere kuchipatala. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 4. Ali ndi chaka ndi theka ankatha kunena kuti "mama" ndi "madzi", kenako mawuwo anangozimirira mpaka lero. Ukamuitana satembenuka, koma paketi ya kamba ikangokhwechera kuseri kwa nyumba amafika nthawi yomweyo. Tsiku lonse amasanja zitsekerero za mabotolo pakhonde, mzere wake wowongoka bwinobwino, ndipo wina akasunthapo chimodzi amalira mpaka kudzigwetsa pansi. Adokotala a ana ku Queens anatiuza kuti ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo. Chandibweretsa pano ndi ichi: wayamba kudziluma padzanja mpaka kutuluka magazi, makamaka madzulo ndikamaphika. Apongozi anga akuti bambo ake anamukhwimira kuti shopu iziyenda, akufuna timutengere kwa sing'anga kumudzi. Aneba akuti ndimamulekerera, akungofunika chikwapu. Mutu wanga waima. Inu amene munadutsamo, munatani?

Woyang'anira gulu:
Takulandirani amayi. Pano sitisekana, ndipo zolembedwa pano sizituluka kunja. Chonde musaike chithunzi cha mwana kapena dzina lake. Agogo, aphunzitsi, anesi, mlendo uyu ndi wanu.

Agogo a ku Chirimba:
Pepani mwana wanga. Ine ndikulera mdzukulu wa zaka 9, mayi ake anatisiya. Mawu a kukhwimawa anatigweranso ife. Mwana wanga wamwamuna anali atangogula njinga yamoto ya kabaza, anthu n'kumati wagulitsa nzeru za mwana kuti apeze njingayo. Akuchikazi anabwera kudzamutenga mwana, anakakhala naye mwezi wathunthu. Anabwerako ali ndi mphini pachipumi ndi kumsana, mbuzi zitapita, mwana ali chimodzimodzi, koma tsopano akuthawa aliyense wogwira lumo. Musalole zimenezo. Koma apongozi anuwo musakangane nawo, akuchita chifukwa cha mantha ndi chikondi chomwe. Tsiku lokaonana ndi adokotala muwatenge, akadzimvere okha. Ife akuluakulu sitimva za mtengwa, timamva za munthu wovala zoyera.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:
Amayi, ine ndinaphunzira za ana ofunika chithandizo chapadera ku Montfort, ku Nguludi kuja, ndipo ana ngati wanuyo ndimakhala nawo m'kalasi tsiku ndi tsiku. Chikwapu ayi. Mwana wosayankhula amakhalabe ndi zonena, ndiye amazinena ndi thupi lake. Podziluma pamenepo pali chimene akupempha, kapena akufuna inu mumuyang'ane, kapena pali chimene akuthawa, mwinanso kulumako kumamuziziritsa mtima zinthu zikamuchulukira. Tisanakuuzeni chochita tiyenera kudziwa kuti mwa zimenezi n'chiti. Tandiuzeni, asanadzilume kumakhala kukuchitika chiyani pakhomopo? Nanga akangodziluma inu mumatani, nthawi yomweyoyo?

Mayi wa ku Ndirande:
Imakhala cha m'ma 5 koloko. Ndimakhala ndikukoleza mbaula, iye amakhala asanadye chilichonse kuyambira masana chifukwa nsima amakana ikakhala ndi msuzi, amafuna yoyera yokhayokha. Nthawi yomweyonso a vidiyo sho kuseri kwathu amatsegula masipika. Amayamba wandikoka chitenje, ine ndimati dikira. Akadziluma ndimasiya zonse, ndimamupatsa mandasi n'kumubereka.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:
Ndiye mwandiyankha. Mwana wanuyo ndi wanzeru. Anayesa kukukokani chitenje, sizinathandize. Anayesa kudziluma, mandasi anabwera pomwepo ndi kumsana komwe. Waphunzira kuti njira yachidule ndi imeneyo. Sindikukudzudzulani, mayi aliyense akaona magazi amathamanga. Ntchito yathu tsopano ndi kumupatsa njira ina yachidule kuposa kudziluma.

Yambani ndi chophweka. Isanakwane 5 koloko, mbaula musanaiyambe, mupatseni kenakake m'mimba, kaya mbatata, kaya nthochi, n'kukhala naye pansi kanthawi pang'ono pa zitsekerero zake zija. Njala ndi phokoso zikakumana, ngakhale mwana woyankhula amavuta.

Kenako khadi. Dulani katoni ya sopo kukula ngati chikhatho chanu, mumatepo pepala lenileni la kamba, popeza mwati amamukonda. Osati chojambula pamanja, pepala lenilenilo, chifukwa amalidziwa kale. Pamafunika anthu awiri. Inu mukhale kutsogolo kwake mutagwira kamba mmodzi, osayankhula kanthu, osamufunsa kuti ukufuna chiyani. Bambo ake akhale kumbuyo kwake. Mwana akangotambasula dzanja kuti alande, bambo agwire kadzanjako mofatsa, alitolese khadi, aliike m'dzanja lanu. Khadi likangokhudza dzanja lanu, mupatseni kamba nthawi yomweyo n'kunena kuti "kamba". Mmodzi yekha, kuti afunenso. Bwerezani kangapo, musiye asanatope. Masiku akamapita bambo azichepetsa kumugwira, kuchoka padzanja kupita pachigongono, mpaka kungomusiya. Akazolowera, onjezerani khadi la madzi, la mandasi, la kubereka. Njira imeneyi inayambira ku America mu 1985, amaitchula kuti PECS, ndipo kumeneko amagula zithunzi zosindikiza. Ife katoni ndi selotepi zimatikwanira.

Chenjezo langa ndi ili. Masiku oyambirira kudziluma kukhoza kuwonjezeka, chifukwa akuyesa njira yakale mwamphamvu kuti aone ngati yasiyadi kugwira. Akadziluma mutetezeni dzanja, musakuwe, musamulalikire, mumusonyeze khadi, alipereke, ndiye alandire. Ndipo chakudya chenicheni musamumane chifukwa choti sanapereke khadi. Khadi ndi lophunzirira kupempha, si chilango.

Mayi wa ku Ndirande:
Nanga akazolowera makhadi sadzasiyiratu kuyankhula?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:
Ayi, makhadi satseka pakamwa. Ena mawu amabwera pambuyo pa makhadi chifukwa nthawi iliyonse akumva dzina la chinthu ali nacho m'manja. Ena mawu sabwera, koma amakhala ndi njira yonenera zofuna zawo moyo wonse. Sindingakulonjezeni kuti wanuyo ali mbali iti.

Namwino wopuma wa ku Zingwangwa:
Aphunzitsi anena zoona, koma ndiwonjezere za thupi, chifukwa zimenezi zimaiwalika. Mwana wosayankhula dzino likamamupweteka sanena. Khutu likatupa m'kati sanena. Amene amadya nsima yoyera ndi mandasi basi, kawirikawiri amadzimbidwa, amatha masiku osapita kuchimbudzi, m'mimba muli gwa. Ndaonapo ana amene ankadzimenya mutu kukhoma, titachotsa dzino lobooka n'kusiya. Ndiye khalidwe likasintha mwadzidzidzi, yambani mwamuyang'ana m'kamwa, m'makutu ndi m'mimba. Pitani naye pa chipatala chaching'ono cha kwanu ku Ndirande komweko ndi buku lake, akaona kuti n'kofunika akulemberani kalata ya ku Queens. Mukapemphenso kuti amuyeze makutu, ku Queens kuli malo oyezera. Ngakhale akumva paketi ya kamba, ndi bwino kutsimikiza. Bala la padzanjalo muzilitsuka ndi madzi owiritsa othira kamchere, mano a munthu ali ndi tizilombo tambiri.

Muzionetsetsanso ngati nthawi zina amangoti duu, maso ali gwa, osamva ngakhale mutamugwedeza, kapena kugwa n'kumaphupha. Ana a autism ambiri ndithu amakhalanso ndi khunyu, ndipo khunyu lili ndi mankhwala. Autism yeniyeniyo ilibe mankhwala ochiza, kaya a m'botolo, kaya a zitsamba. Pali mankhwala ena monga risperidone amene adokotala amapereka mwana akamadzivulaza kwambiri, koma amanenepetsa ndi kugonetsa, si ogula pa famase mwa inu nokha ayi.

Kwa apongozi, muwauze izi. Bungwe la zaumoyo la WHO linanenapo kuti pa ana 100 alionse pa dziko lapansi, pafupifupi mmodzi ali ndi autism, ndipo anyamata amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana. Dokotala wina dzina lake Leo Kanner analemba za ana 11 otere mu 1943 ku Baltimore, ana osanja zinthu m'mizere ngati mdzukulu wawoyo. Makolo a ana amenewo analibe shopu ku Ndirande. Mwana amabadwa ubongo wake ukukula mwa njira yakeyake, ndipo mbali yaikulu imayenda m'magazi a banja, ku chimuna kapena ku chikazi. Palibe amene analakwa.

Bambo wa ku Joni:
Moni a kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg koma banja lili ku Mbayani. Anesi, nanga bwanji mwanayu anasiya kuyankhula ali ndi chaka ndi theka? Si nthawi ya katemera wa chikuku imeneyo? Kuno anthu ambiri akunena zimenezo, wanganso anasintha atangobayidwa. Wamng'ono ndawauza mayi ake kuti asapite naye.

Namwino wopuma wa ku Zingwangwa:
Achimwene, ndikupemphani ndi mtima wonse, imbani foni lero lomwe mwanayo apite kusikelo. Nkhani imeneyo inayamba ndi dokotala wa ku England, Andrew Wakefield, amene analemba mu 1998 za ana 12 okha. Zitafufuzidwa zinapezeka kuti munali chinyengo, magazini ya Lancet inachotsa nkhaniyo mu 2010, iyeyo n'kulandidwa chiphaso cha udokotala chaka chomwecho. Pambuyo pake ku Denmark anatsatira ana oposa 600,000, obayidwa ndi osabayidwa, osapeza kusiyana kulikonse. Zimangokumanizana nthawi. Msinkhu umene mwana amabayidwa wa chikuku ndi womwewonso umene timayembekezera kuti ayambe kuyankhula ndi kuloza zinthu, ndiye m'pamene makolo amazindikira. Ine chikuku ndinachiona ndi maso anga mu 2010 chitabuka m'dziko muno. Chimapha, chimachititsa khungu, chimagonthetsa.

Bambo wa ku Joni:
Ndamva anesi. Mtima sunakhazikike kwenikweni koma ndiwaimbira.

Mnyamata wa ku Namiwawa:
Ndimawerenga kwambiri pano koma sindilembalemba. Ine ndili ndi autism, ndili ndi zaka 24, ndimakonza makompyuta. Ndinayamba kuyankhula mochedwa. Ndikufuna ndinene za masipika a vidiyo sho aja, chifukwa onse mwathamangira ku mandasi. Kwa ine phokoso silikhala kumbuyo monga mmene limakhalira kwa inu. Mawu a mayi, mbaula ikuthetheka, filimu ya kuseri, mwana wa aneba akulira, zonse zimalowa mofanana mphamvu, ngati mawailesi asanu otsegulidwa m'chipinda chimodzi. Ndili mwana ndinkadziluma pamkono chifukwa ululuwo unali chinthu chimodzi chomveka bwino pakati pa zonsezo. Ndiye amayi, mupangireninso khadi loti "phokoso" kapena "ndichoke", ndipo akalipereka mulowe naye kuchipinda, mutseke chitseko, mumufunditse bulangete lolemera ngati amalikonda. Mupezereninso chinthu choti aziluma chosavulaza, monga kansalu kolimba koyera kopota.

Chinanso. Ngati amakupiza manja kapena kudzigwedeza, musamugwire manja. Sizivulaza munthu. Kusukulu ankandimenya ndi rula kuti ndisiye, ndipo ankandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane m'maso. Ndikayang'ana munthu m'maso sindimva zimene akunena. Ndikayang'ana pansi ndimamva zonse. Aphunzitsi a ku Chilomoni mundikhululukire, koma mawu akuti kuphunzitsa khalidwe amandiopsa, chifukwa kwa ine ankatanthauza kundisandutsa wooneka ngati ana ena kuti akuluakulu asachite manyazi.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:
Palibe chokhululukira achimwene, mwanena zimene ife aphunzitsi tiyenera kumva. Njira zambiri zimene tinaphunzira zinachokera ku ABA, njira yophunzitsira khalidwe. Ivar Lovaas, amene anaitchukitsa ndi kafukufuku wake wa 1987, ankaphunzitsa ana mpaka maola 40 pa sabata, ndipo m'zaka zoyambirira ankagwiritsa ntchito ndi zilango zomwe. Akuluakulu ambiri a autism amadandaula ngati mmene mwadandauliramu. Ine muyeso wanga ndi uwu: khalidwe likamavulaza mwana kapena anzake, kapena likamamutsekera chinthu chimene iye mwini akuchifuna, timalowererapo. Likamangotichititsa manyazi ife, vuto ndi lathu. Kudziluma mpaka magazi timalowererapo. Kukupiza manja timakusiya. Koma pa kuyang'ana ndisiyana nanu pang'ono. M'maso sindikakamiza, koma ndimaphunzitsa mwana kutembenuka dzina lake likaitanidwa, chifukwa tsiku lina adzakhala akuthamangira mumsewu wa Chipembere, ndipo dzinalo ndi limene lidzamuimitse.

Mnyamata wa ku Namiwawa:
Kutembenuka ndikuvomereza. Chibwano ayi.

Bambo wa ku Bangwe:
Mwafika pa nkhani ya msewu ndiye ndilowepo. Wanga ali ndi zaka 11, ndipo vuto lathu lalikulu linali kuthawa. Chitseko chikangotseguka wapita, ndipo amakonda madzi, kulikonse kumene kuli chithaphwi kapena mtsinje ndiko amalowera. Nthawi ya dzinja tinkagona maso. Anthu ankati mumangeni chingwe kumwendo, ena amatero, ndikudziwa makomo amene mwana amatsekeredwa m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindiwaweruza, mayi ali yekha ndipo ayenera kukagulitsa tomato kuti adye. Koma ife tinasankha zina.

Loweruka lina ndinamugwira dzanja n'kuyenda naye dera lonse. Tinaima pa siteji ya akabaza, pa okala, kwa amayi ogulitsa makala, pa mpope wa madzi, kwa ometa, mpaka kwa amfumu. Paliponse ndinkanena mawu omwewo: uyu ndi mwana wanga, sayankhula koma amamva, si wamisala, mukamuona ali yekha musamuthamangitse ndipo musamukuwire, muyende naye pambali n'kundiimbira. Mayi ake anasokera nambala yanga m'kati mwa kolala ya malaya ake onse. Kuyambira pamenepo amene amamubweza kwambiri ndi anyamata a kabaza, omwe aja anthu amawanena kuti ndi opanda khalidwe. Wina anamupeza akulowera kumtsinje, anasiya kasitomala n'kubwera naye, ndalama anakana.

Wometa uja ndiye anandidabwitsa. Kale kumeta kunali nkhondo, anthu atatu kumugwira. Iye anati muzibwera naye Lolemba m'mawa kulibe anthu. Tsiku loyamba anangomukhazika pampando n'kumupatsa makinawo ali ozimitsa kuti awagwire. Ulendo wina anawayatsa n'kumuika padzanja kuti amve kunjenjemera kwake. Wailesi amazimitsa tikangolowa. Pano amameta mutu wonse atakhala yekha, bola ayambire kumanzere nthawi zonse. Munthu ameneyu sanapite ku Montfort.

Azibambo anzanga amene muli pa gulu lino mwangoti zii, ndikudziwa mulipo. Mwana akamabisidwa m'nyumba m'pamene mphekesera za kukhwima zimakula. Mukamayenda naye masana dzuwa likuswa mtengo, anthu amatopa nazo zonena. Amayi a ku Ndirande, amuna anu akuti chiyani pa zonsezi?

Mayi wa ku Ndirande:
Amamukonda mwanayu koma mawu a mayi awo awapweteka kwambiri, masiku ano amabwera usiku mwana atagona. Ndiwaonetsa zimene mwalembazi. Aphunzitsi ati pamafunika munthu wachiwiri wa kumbuyo, mwina poyambira ndi pamenepo.

Bambo wa ku Bangwe:
Muwapatse nambala yanga kudzera kwa oyang'anira gulu. Zina amuna timamvana tokhatokha.

Agogo a ku Chirimba:
Za kutchalitchi nditchuleko. Ine ndine wa Mvano ndipo kupemphera sindisiya. Koma mdzukulu wanga ku mapemphero a usiku a zimkuzamawu sindipita naye, ndipo aliyense wofuna kumugwira mutu n'kumamukuwira kuti chiwanda tuluka ndimamukaniza. Mwanayo amanjenjemera ndi mantha, iwo n'kumati onani chikutuluka. Kwathu ndinakaonana ndi abusa ndi amayi a Mvano, ndinawafotokozera. Pano tili ndi malo athu pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi khomo, kwaya ikayamba ndi ng'oma amatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo, palibe amene amatembenuka. Lachinayi amayi awiri amasinthana kukhala naye kuti ine ndipite kumsika ndi kuchigayo. Anayamba ndi kumangobwera kudzacheza ine ndilipo mpaka anawazolowera. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma anthu sangathandize chinthu chimene sanauzidwe.

Mayi wa ku Chilobwe:
Ine funso langa ndi sukulu. Wanga ali ndi zaka 7, amayankhula koma mobwereza zimene wamva, ukamufunsa kuti dzina lako ndani nayenso amati dzina lako ndani. Manambala amawadziwa mpaka kutali. Sukulu ziwiri zolipira zinamubweza, ina inandiuza kuti makolo ena akudandaula. Chichokereni ku kampu nthawi ya Freddy mu 2023 anabwerera m'mbuyo kwambiri, anayambanso kudzikodzera, mvula ikangoyamba amalowa pansi pa bedi. Ndimusunge pakhomo?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:
Musamusunge amayi. Lamulo lili kumbali yanu. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi lamulo la 2012 loletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano limene linasintha bungwe loona za aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Pitani kwa alangizi a zamaphunziro a zoni yanu, a PEA, ku TDC, mukafunse sukulu ya boma yapafupi imene ili ndi chipinda cha ana ofunika chithandizo chapadera ndi mphunzitsi wake. Si sukulu zonse zili nacho, ndipo ndisakunamizeni, makalasi a m'tauni muno ena amapitirira ana 100, mwana wa autism sangakhalemo tsiku lonse kuyambira tsiku loyamba. Pemphani kuti ayambe ndi ola limodzi kapena awiri, akhale kutsogolo chakumbali, pafupi ndi khomo. Mupite naye kaye sukulu itaweruka akaone kalasi, chimbudzi ndi mphunzitsi kuli zii. Mumupangire kandandanda ka zithunzi pa katoni: kudzuka, kusamba, phala, yunifolomu, sukulu, kunyumba. Chikatha chimodzi azichitembenuza yekha. Ana amenewa mantha awo ambiri ndi osadziwa chimene chikubwera.

Kubwereza mawuko musakuletse, ndi njira yake yophunzirira chiyankhulo. M'malo momufunsa funso, mupatseni mawu amene iye akanayenera kunena. Mukamamupatsa madzi nenani kuti "ndikufuna madzi", adzabwereza, ndipo tsiku lina adzawanena pa nthawi yake. Za mvulazo mukawauze adokotala, zimene anaona ku Chilobwe nthawi imene ija ngakhale akuluakulu sanaziiwale.

Namwino wopuma wa ku Zingwangwa:
Mukafunsenso ku PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndi ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali. Pa zophunzitsa mwana kudya, kuvala ndi kugwira pensulo, funsani a mafizo ku Queens kapena ku Kachere. Akatswiri ophunzitsa kuyankhula ndi ochepa zedi m'dziko muno, n'chifukwa chake WHO inakonza maphunziro a makolo otchedwa Caregiver Skills Training, oti kholo liziphunzitsa mwana posewera, posamba ndi pakudya, pakhomo pomwepo. Anawayesa ku Ethiopia ndi ku Kenya. Zambiri zimene aphunzitsi akunena pano ndi za mtundu womwewo.

Chemwali wa ku Machinjiri:
Nonse mukukamba za ana aang'ono, ndipo ambiri anyamata. Ine mng'ono wanga ndi mtsikana wa zaka 14. Atatha msinkhu tinavutika, anaona magazi n'kuyamba kukuwa, thewera ankalichotsa n'kulitaya pabwalo. Chinatithandiza ndi kuyeserera masiku amene sali kumwezi, ine kumuonetsa pa kabudula wamkati sitepe ndi sitepe, malo amodzi omwewo, kubafa, chitseko chotseka. Amene muli ndi atsikana a zaka 9 kapena 10 yambani pano, musadikire tsikulo. Kwa anankungwi sitinamutumize, mawu ophiphiritsa samva, amafuna kuuzidwa chinthu ndi dzina lake.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi amuna. Mtsikana amene sangafotokoze ndi amene anthu oipa amamufuna. Tinamuphunzitsa kuti malo ophimbidwa ndi zovala zamkati sagwira munthu wina, ndi kunena "ayi" mokweza. Apa ndikugwirizana ndi achimwene a ku Namiwawa: mwana amene waphunzitsidwa kumvera chilichonse chimene wamkulu wanena, mwamuika pangozi. Akakana kupatsa moni wa m'manja kwa amalume, musiyeni akane. Bambo a ku Bangwe, njira yanu yodziwitsa dera lonse ndi yabwino, koma kwa mtsikana ife tinasankha anthu ochepa, amayi okhaokha. Mukakayikira kuti mwana wachitidwa zoipa, nambala yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ndipo musamusambitse musanapite naye kuchipatala.

Ndinenenso ngati mchemwali wake. Makolo, ana enawo muziwakumbukira. Ine ndinayamba kulera ndili sitandade 4, ndinkajomba kusukulu mayi akapita kumsika. Ndimamukonda mng'ono wanga kuposa chilichonse, koma panalibe amene anandifunsapo ngati ndatopa.

Bambo wa ku Bangwe:
Chemwali, pa mtsikana mwanena zoona, sindinaganizeko mbali imeneyo chifukwa wanga ndi mnyamata, ngakhale anyamatanso amachitidwa zoipa. Za ana enawo ndikakambirana ndi mayi ake usiku uno, mwana wathu woyamba ndi amene amanyamula zambiri.

Mayi wa ku Chilobwe:
Aphunzitsi, zithunzi za kandandandako ndizitenga kuti? Kusindikiza n'kodula.

Mnyamata wa ku Namiwawa:
Jambulani ndi foni zinthu zake zenizeni, kapu yake, yunifolomu yake, chitseko cha kalasi, munditumizire. Ndiziika 12 pa pepala limodzi n'kusindikiza kuntchito, mtengo wake ndi wa pepala limodzi basi. Musajambule nkhope ya mwana.

Woyang'anira gulu:
Ndiye tichite chonchi. Loweruka likubwerali tikumane 2 koloko masana pa malo athu a nthawi zonse ku Limbe, tikapange makhadi limodzi. Aliyense abwere ndi makatoni, sizasi, selotepi ndi mapepala a zinthu zimene mwana wake amakonda. Ana bwerani nawo, chipinda cham'mbali chidzakhala chopanda wailesi, ndipo agogo ndi chemwali a ku Machinjiri avomera kukhala nawo mosinthana ndi ena. Aphunzitsi adzaonetsa mmene munthu wa kumbuyo amagwirira dzanja, choncho azibambo mukufunika. Amene thiransipoti yavuta andilembere kumbali, m'thumba la gulu muli kangachepe.

Bambo wa ku Joni:
Mayi a ana adzabwera kuchokera ku Mbayani. Kodi angabwere ndi wamng'ono yemwe? Alibe womusiyira.

Woyang'anira gulu:
Abwere naye, ndi buku lake la kusikelo lomwe kuti anesi akalione.